ANachanza Aperekeza Alendo M'phiri

Sendezani mipando kuno, iyi si ya padangokhala ayi. Anthu ake alipo, akudya ndi kumwa ngati ife tomwe.

Ku Limbe kuli mayi wina dzina lake Lekeleni, mwini saluni. Mkazi wa pakamwa pakuthwa ngati lezala, wa manja olimba. Akakumanga tsitsi ameneyo nsidze zimakwera mpaka pamphumi, umagona sabata yonse maso ali tong'o. Iyeyu analeredwa ndi azakhali ake, aNachanza a ku Chiradzulu, mayi ake atamwalira iye akadali wa kumsana.

Tsono anthu ena amadwala shuga, ena mphumu. ANachanza ankadwala ulemu. Foni ikalira ankayankha atagwada. Nkhuku ya eni ikalowa m'nyumba mwawo ankayamba aipatsa moni, kenako n'kuiingitsa mopepesa. Koma pamene matendawo anakulira ndi pa kuperekeza alendo. Mlendo akatsanzika, aNachanza ankamulanda katundu n'kusenza okha, ndipo sankabwerera mpaka mlendoyo anene yekha kuti, "Basi mayi, bwererani pano." Mlaliki wina wosamva bwino m'makutu anaiwala kunena zimenezi. Anakafika naye kwawo ku Thyolo, n'kubwerako m'mawa mwake pa lole ya nthochi.

Amuna awo atamwalira, atadwala nthawi yaitali, aNachanza anatha ngati sopo wa pachitsime. Tulo ayi, chakudya ayi. Adokotala anati bipi yakwera, mayiwa akapume. Ndiye Lekeleni anamva kwa kasitomala wina za loji ya pamwamba pa phiri lina kummwera uku, kumene munthu umadzuka mitambo ili kunsi kwa mapazi ako. Dzina la lojiyo tilisiye, eni ake angati tikuwathamangitsira alendo.

Yotamu, mwana wa aNachanza, yemwe amayendetsa mathiraki, anakana pa foni. "Iwe Leke, amayi akudwala, iwe ukuwakweza phiri? Chikawachitikira kumeneko ndidzakudya wamoyo."

"Udzayambe wagula mano, msuweni," anatero Lekeleni. "Ndiwatenga Lachisanu, ndiwabweza Lamulungu atanenepa. Akapanda kubwera bwinobwino udzandimete mpala wekha."

Ananyamukadi Lachisanu pa kagalimoto kake kofiira kokhosomola. Anadutsa minda ya tiyi yobiriwira ngati yopaka penti, msewu n'kuyamba kupindika, kukwera, kupindikanso. Mitengo ya paini uku ndi uku, madzi akutsika m'miyala, anyani atakhala pamsewu ngati apolisi oyembekezera ziphaso. Atatsala pang'ono kufika, aNachanza anatsitsa galasi n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Mwaswera bwanji? Eee, zikomo, zikomo. Leke, chepetsa liwiro, ukuwathira anthu fumbi."

"Anthu ati, azakhali?"

"Amene tawadutsawa. Andandanda ndi mitolo yawo, akukwera."

Lekeleni anayang'ana pa kagalasi. Kunali zitsa za mitengo ndi kankhungu kakukwawa m'mbali mwa msewu.

"Sanayankhe," anatero aNachanza. "Atopa, anthu a Mulungu."

Loji inali yokongola, tisanamizane. Khonde lalikulu loyang'ana kuchigwa, maluwa mpaka m'mawindo, mabedi oti ukagonapo umamira mpaka kumafuna wokuvuula. Anawalandira ndi manijala, a Namakhwa, bambo wa tayi yofiira ndi jekete lonyezimira, womwetulira mano onse pamtunda. Anati wikendi imeneyo alendo anali awiri okhawo. Anawaonetsa chipinda, bafa la madzi otentha, ndi belu loimba akafuna kanthu. Atafika pa khomo la kuseri, loyang'ana kuphiri, anadutsapo mofulumira.

"Ili sitiligwiritsa ntchito kwenikweni. Mukamva munthu kumeneku, musavutike, amayi. Ntchito imeneyo ndi yathu."

Lekeleni anasuzumira pawindo. Kuseriko kunali mabenchi awiri, onse atatembenuzidwa miyendo m'mwamba. Kanjira kakang'ono kanachokera pa sitepe n'kukalowa m'mapaini. Galu wa pa loji, chigalu chachikulu ngati thole, anali atalowa kale kunsi kwa kagalimoto kofiira, mphuno yokha ikuoneka.

Loweruka kunacha bwino zedi. Dzuwa linawala, chigwa chonse chili mbee, nyumba za kumunsi zikuoneka ngati machesi otayika. Lekeleni anadzuka n'kupeza bedi la azakhali litayalidwa kale, eni ake ali panja ndi tsache.

"Azakhali! Tabwera kudzapuma kuno. Sitinabwere kudzafuna ganyu."

"Ndiye ndidye za eni bwalo lili bii? Anthu aziti anachokera kutchire liti?"

Anawalanda tsache, anakatenga chokolopera. Anawalanda chokolopera, anakapezeka kukhitchini akuthandiza mayi wophika kusenda mbatata. Mapeto ake Lekeleni anawakhazika pa mpando wa ndalema pakhonde, n'kuwafunditsa bulangete, n'kuwaopseza kuti akadzukanso awamangirira ndi mesh yomangira tsitsi. Anawapesa, anawadzoza mafuta m'mapazi, anawajambula zithunzi zotumiza kwa Yotamu. ANachanza anadya mazira, buledi ndi mapeyala, ndipo pamene nyani anaba nthochi patebulo n'kuisenda mwaulemu ngati bwana, anaseka mpaka misozi. Kuchokera pa maliro aja Lekeleni anali asanawamve akuseka. Anayang'ana kumbali n'kumanamizira kuti mafuta amulowa m'diso.

Chakumasana mphepo inasintha. Chiperoni chinatsika kuchokera pamwamba pa phiri, osati pang'onopang'ono ayi, koma ngati munthu wakhuthula thumba la ufa. Chigwa chinasowa. Maluwa anasowa. Mbalame zonse zinangoti zii. Nthawi yomweyo kukhitchini anatsegula wailesi mpaka kumapeto, mayi wophika n'kumaimba nawo mokuwa, nyimbo yoti mawu ake sankawadziwa n'komwe.

Lekeleni anati kuzizira kumeneku n'kofuna bafa. Analowa, n'kudzimiza m'madzi otentha mpaka m'khosi. Ali m'menemo, nyimbo ya pa wailesi inatha, ina isanayambe. Pa kampata kameneko anamva mawu kuseri kwa nyumba. Sanali a mwamuna, sanalinso a mkazi. Anali otsika, otopa, ngati a munthu amene wayenda ulendo wautali.

"Odi."

Ndipo anamva azakhali ake, mawu ali nga nga nga ndi chimwemwe: "Eee, fikani! Fikani ndithu!"

Kukhitchini chivundikiro chinagwa, ngwee, n'kuzungulira pansi mpaka kutopa. Wailesi anaithimitsa.

Pamene Lekeleni amapukuta sopo n'kuvala, panali patapita kanthawi. Khomo la kuseri linali pululu. Benchi imodzi inali itaimikidwa bwinobwino, pokhalira pake patanyowa malo awiri. Pa sitepe panali makapu a tiyi odzaza. Anatola imodzi. Tiyiyo anali atayera ngati madzi a pampopi, wopanda fungo, ndipo kapuyo inazizira mpaka kumuluma zala.

"Azakhali!"

Nkhungu inameza mawuwo. Anaitananso, anazungulira nyumba, anagogoda kukhitchini koma anali atakhoma. Anabwerera pa sitepe paja. Kenako mphepo inaomba, nkhungu inang'ambika, dzuwa linasuzumira, ndipo aNachanza anatulukira m'mapaini, chitenje chitanyowa mpaka m'maondo, phazi limodzi lopanda patapata.

"Munali kuti? Mukufuna Yotamu andiphe?"

"Ndimaperekeza alendo."

"Alendo ati?"

"Anthu a kumtundaku. Ofatsa bwanji! Salankhula zambiri, koma kumvetsera ndiye amatha. Ndawauza zonse za matenda a malemu, mtima wangoti myaa."

"Mayina awo ndani?"

"Iwe, mlendo amamufunsa dzina ngati uli pa rodibuloko?" Kenako nkhope yawo inagwa. "Koma ndachita chinthu choipa, Leke. Titafika pa kamlatho kunja kunayera, ine kungoona ndili ndekha. Ndabwerera osauzidwa. Moyo wanga wonse sindinachitepo zimenezi. Aziti mayi uja ndi wotani?"

Lekeleni anakapeza a Namakhwa mu ofesi. Kumwetulira kuja kunalibe. Anali atamasula tayi, thukuta lili chuchuchu m'kuzizira konseko.

"Bambo, kumtundaku kuli mudzi?"

"Mudzi ngati mudzi, ayi."

"Nanga amene amamwa tiyi ndi azakhali anga ndani?"

"Sanamwe," anatero a Namakhwa, kenako anadzigwira pakamwa. "Ndikutanthauza kuti... chemwali, malo athu ndi abwino. Alendo a m'tauni sativutitsa. Munthu akaodira, iwo amangokweza nyimbo m'mahedifoni. Sitinalandirepo woyankha." Anayang'ana pawindo, kunja kukuyamba kuderanso. "Pano msewu simungauone. Mawa mudzuke ndi nkhuku, muzipita chiperoni chisanatsike. Chakudya cham'mawa tikukulungirani."

Madzulo amenewo aNachanza anadya mpunga ndi nkhuku mpaka kupempha wina. Anagona tulo tokoma, mkonono ngati chigayo. Lekeleni powafunditsa anakhudza dzanja lawo. Linali lozizira ngati kapu ija.

Lamulungu kunacha kowala. Lekeleni analongedza zikwama dzuwa lisanatuluke bwino. Koma mumawadziwa aNachanza. Anati sangachoke osachapa mashiti amene agonera. Atamaliza anati akatsanzike mayi wophika. Atatsanzika anakumbuka kuti sanafunse za ana ake, anabwereranso. Lekeleni anawakoka mpaka pa galimoto, kupisa m'chikwama, makiyi mulibe.

Anakhuthula chikwama pansi. Anasanthula mabedi, bafa, ngakhale m'mbale ya shuga. A Namakhwa nawo ankakwawa pansi pa matebulo ndi jekete lawo lonyezimira lija. Dzuwa likukwera. Pomaliza mayi wophika anabwera n'kuloza ndi mlomo ku khomo la kuseri.

Pa sitepe panali patapata ya aNachanza ija, yotsukidwa bwino, itayang'ana kuphiri. Makiyi anali pamwamba pake, akudontha madzi.

"Waona?" anatero aNachanza ali kumbuyo kwake. "Anthu okhulupirika. A kwanu ku Limbe akanagulitsa."

"Khalani apa. Musasunthe. Ndikukatembenuza galimoto."

Anathamanga. Kagalimoto kanakhosomola, kanakana, kanakhosomolanso, kenako kanalira. Akubweza m'mbuyo anaona pa kagalasi kuti phiri kulibe. Kunali choyera chokhachokha chikutsetsereka. Galu anatuluka kunsi kwa galimoto n'kuthawira kumsewu, mchira pakati pa miyendo. Wailesi kukhitchini inaphulika ndi nyimbo. Koma ngakhale ndi wailesiyo, ndi injini yomwe, anamva odi uja. Ulendo uno sanali mawu amodzi. Anali ambiri, otsatizana, ngati anthu akupatsirana chidebe pamzere.

Pofika pa khomo la kuseri anapeza a Namakhwa ataima pa sitepe okha.

"Ndinawagwira mkono, chemwali, Mulungu mboni. Anandiuza kuti ndilibe mwambo."

"Tiyeni tikawatenge!"

"Ine malire anga ndi sitepe ino."

"Tayi yopanda mwamuna m'kati!" anatero Lekeleni, n'kuvula nsapato zake zazitali, n'kulowa m'nkhungu.

M'mapaini munali mdima wa masana. Madzi ankadontha m'masamba, koma osamveka pogwera. Anadutsa kamlatho ka matabwa, mitengo inatha, kunayamba udzu ndi miyala yoterera. Kwinakwake kutsogolo mathithi ankasokosera. Ndipo pamwamba pa phokosolo anamva mawu a azakhali ake, akucheza ngati ali pa mtondo.

"...ndiye chaka chino chimanga sichinachite bwino, feteleza tinathira mochedwa. Kwanuko mvula imagwa bwanji?"

China chake chinayankha. Zinamveka ngati mphepo ikuimba pakamwa pa botolo.

"Eee, n'chimodzimodzi kwathu," anatero aNachanza.

Lekeleni anawaona. Ankayenda opanda nsapato, manja kumbuyo, pamutu atasenza mtolo wautali wokulungidwa m'nsalu yakuda yakalekale. Kutsogolo kwawo kunali misana. Misana yokhayokha, yofunda zinthu zotuwa, yotalika mosiyana, ina yaitali kuposa m'mene msana uyenera kutalikira. Akati awerenge, ankapeza yochuluka. Akawerenganso, yochepa. Udzu umene aNachanza ankaponda unkagona. Umene ankaponda enawo unali chiimire.

Anawagwira mkono n'kukoka. Mayi woonda ngati bango uja, zinali ngati ukukoka mtengo wa mbawa.

"Azakhali, tiyeni kunyumba."

"Leke, usandichititse manyazi kawiri. Sanandiuze kuti ndibwerere."

"Sakuuzani! Amenewa sakuuzani, azakhali!"

"Tsitsa mawu, akumva. Kodi ndinakulera ine kapena anakulera agalu?"

Anapitiriza kuyenda, Lekeleni akukhwekhwerezeka pambuyo. Anayesa kulira, anayesa kunama kuti Yotamu wachita ngozi, anayesa kuwakumbutsa za mapiritsi a bipi. ANachanza ankangoti, "Tikaona pobwerera." Kenako phokoso la mathithi linaleka. Silinachepe ayi, linangoleka, ngati wina watseka mpopi. Nkhungu inapyapyala pang'ono, ndipo Lekeleni anaona pamene njira inathera. Panali mwala wosalala, ndipo kuseri kwa mwalawo kunalibe kanthu. Phompho loti utaponya mwala Lamulungu, ukamveka Lachiwiri.

Misana ija inadutsa pamwalapo n'kumapitirira, ikuyenda bwinobwino pamene panalibe nthaka. ANachanza anakonza mtolo pamutu n'kuponda pamwala.

Lekeleni anali asanagwadirepo munthu chichokereni ku chinamwali. Ankati maondo ake ndi a bizinesi. Koma apa anadumphira kutsogolo kwa azakhali ake, chidendene chili m'mphepete mwa phompho, n'kugwada pa mwala wonyowawo, n'kuwomba m'manja mofatsa, mutu pansi.

"Azakhali, pepani. Ndalakwa. Koma taonani, inu wamkulu mwasenza katundu, ine mwana ndikuyenda manja lendelende. Alendowa aziti munandilera bwanji?"

Phazi la aNachanza linaima m'malere.

"Akafika kwawo akanena," anapitiriza Lekeleni. "Akati tinaona mtsikana wa kwa aNachanza, wamkulu thupi lokha. Ndipatseni katunduyo. Alendo ndiwaperekeza ndine. Inu bwererani, kunyumba kwa eni tasiya zitseko pululu."

ANachanza anamuyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ngati a munthu amene akudzuka. Kenako anamwetulira, misozi ikulengeza.

"Ndimayesa zonse zija zinkalowera uku n'kutulukira uku. Dzuka, mwana wa achimwene." Anatula mtolo n'kumusenzetsa. "Koma usakabwerere usanauzidwe."

"Eya, azakhali."

"Ndipo katundu wa mlendo saponya pansi. Umamupatsa m'manja."

"Ndamva."

ANachanza anawerama kuyang'ana kuphompho, n'kuwomba m'manja. "Zikomo, mwana akufikitsani. Zija ndakuuzani zija musaiwale." Anatembenuka, n'kumatsika kanjira kaja, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Mtolowo sunali wolemera. Unali wozizira, wonunkha phulusa lonyowa, ndipo m'kati mwake china chake chinatembenuka pang'onopang'ono, ngati mwana akusintha mbali ali m'tulo. Lekeleni anadikira mpaka nyimbo ya azakhali itazimiririka. Ndiye anacheuka.

Misana yonse inali itaima m'malere muja. Inkamudikira.

"Zikomo," anatero Lekeleni, mawu akutuluka ngati a mwana wa mbuzi. "Ine ndithere pano. Landirani katundu wanu."

Palibe anasuntha.

"Ndati landirani, akuluakulu. Ine ndili ndi makasitomala mawa."

Zii. Kenako msana umodzi, wautali kwambiri uja, unayamba kutembenuza khosi. Khosi lokha. Mapewa anali chiyang'anire kutsogolo. Linatembenuka, linatembenuka, likulira ngati chitseko cha nkhokwe, mpaka panayamba kuoneka pamene pamayenera kukhala khutu.

Zotsalazo Lekeleni sanazidikire. Liwiro limene anathamanga tsiku limenelo, mithunzi ya mitengo inkachita kumupatsa njira. Wigi yake inakodwa m'nthambi, sanaitsanzike n'komwe. Kamlatho anakadumpha osakaponda. Atatulukira pa loji dzuwa linali phwee, mbalame zikuimba, aNachanza atakhala kale m'galimoto, chikwama pamiyendo, lamba atamanga. Lekeleni anadzigwira pamutu. Panalibe mtolo. Panali tsitsi lake lokha, lonyowa.

"Wawafikitsa?" anafunsa aNachanza.

"Ndawafikitsa."

"Anakuuza kuti ubwerere?"

"Anandiuza. Anathokoza kwambiri."

ANachanza anangoyang'ana kutsogolo.

Anatsika phiri osatsanzika munthu. Chodabwitsa, msewu unali wotsetsereka koma kagalimoto kankabuula ngati kakukwera, ndipo khosi la Lekeleni linayamba kuuma. Atafika m'minda ya tiyi netiweki inabwera, Yotamu anaimba.

"Amayi ali kuti?"

"Ndili nawo pano, galu iwe. Lankhula nawo."

ANachanza analankhula ndi mwana wawo mawu ali gwa, akuseka, akusimba za nyani ndi mabedi omiza anthu. Masaya anali atabwerera. Lekeleni anawakhudza dzanja posintha giya. Linali lofunda. Mtima wake unakhala pansi. Zomwe analonjeza anali atachita: anawatenga Lachisanu, akuwabweza Lamulungu, amoyo, atanenepa.

Anaganiza zoti agone kaye kwake ku Bangwe, ku Chiradzulu akawatule m'mawa. Anaimika galimoto, anatsitsa zikwama, anatsegula chitseko cha nyumba. Akuti alowe, aNachanza anamugwira phewa. Sankamuyang'ana kumaso. Ankayang'ana pamwamba pa mutu wake.

"Werama, ungaugunditse pa felemu."

Lekeleni anadzigwiranso pamutu.

"Wandinamiza, Leke, koma ndakukhululukira, ndiwe mwana. Usade nkhawa. Pocheza paja ndinawalongosolera kwako kuno, pokwerera, potsikira, mpaka mtundu wa geti. Abwera okha kudzatenga mtolo wawowo."

Yanga yathera pamenepa. Ya Lekeleni sinathe. Mukadzapita ku saluni kwake mudzaone m'mene amalowera pakhomo, mayi wamfupi ngati ameneyo.